Piritsi lokweza BP silichiza mayi amene tizilombo talowa m'magazi

Amayi anzanga, mayi akangochira kumene n'kuyamba kutentha thupi ndi kufooka, ndipo pomuyeza n'kupezeka kuti BP yatsika, ambirife timathamangira kunena kuti "magazi achepa". Timamugulira chakumwa cha shuga, ena amakafunsa kogulitsa mankhwala ngati kuli piritsi lokweza BP. Ine ndikuti tileke. Nthawi imene timataya pofunafuna piritsilo ndi imene ikanapulumutsa moyo wake.

Matenda amene ndikunenawa achipatala amawatcha sepsis. Tizilombo timayambira pamalo amodzi, monga m'chiberekero, pabala la opaleshoni, m'chikhodzodzo kapena m'mapapo. Thupi polimbana nato limayamba kudziwononga lokha. Mitsempha ya magazi imatanuka ndi kuchucha madzi, BP imagwa, ndipo impso ndi ubongo zimasowa magazi okwanira. Zikafika poti BP siikukwera ngakhale wodwala waikidwa madiripi, ndiye septic shock. Bungwe la WHO limati mu 2017 sepsis inapha anthu pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse.

Piritsi lokweza BP liripodi, dzina lake midodrine. Limafinya mitsempha ya magazi, ndipo dziko la America linalivomereza mu 1996 kuti lizithandiza anthu amene BP imawatsika akaimirira. Madokotala akhala akuliyesa pa odwala mwakayakaya, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mankhwala oyamba pa septic shock ndi noradrenaline, amene amalowa mumtsempha pang'onopang'ono, makamaka ndi kamakina koyeza madontho, namwino ali pambali. Zipatala zathu zambiri zakumudzi zilibe zimenezi, choncho piritsi likanakhala mpumulo waukulu. Inenso ndimafuna kuti kafukufukuyu apitirire.

Koma timve zimene zapezeka. Kafukufuku wotchedwa MIDAS, amene anachitika ku America ndi ku Australia ndi kufalitsidwa mu 2020, anapeza kuti odwala a ku ICU amene anamwa midodrine sanasiye msanga mankhwala a mumtsempha kuposa anzawo. Ambiri mwa amene mtima unayamba kugunda mochedwa anali omwe anamwa piritsilo. Kuwonjezera apo, munthu wodwala chonchi amasanza, nthawi zina sangathe kumeza, ndipo matumbo ake sayamwa bwino mankhwala. Chachikulu n'chakuti midodrine siipha tizilombo. Nambala ya pamakina ikhoza kukwera pomwe mafinya akuwunjikanabe m'chiberekero.

Chimene chimachiza n'chodziwika: madzi a m'diripi, mankhwala opha tizilombo obayira mumtsempha mkati mwa ola loyamba, kuchotsa gwero la matenda monga zotsalira za nsengwa, kutumiza wodwala kuchipatala chachikulu ngati pakufunika, ndi kumuyang'anira pafupipafupi. Njira zisanuzi, zotchedwa FAST-M, zinayesedwa m'zipatala za kuno ku Malawi komwe. Palibe imodzi mwa izo imene ingachitikire pamphasa kunyumba.

Ena anganene kuti, "Chipatala chili kutali, galimoto n'njodula, kodi si bwino ayambe wamwako kena kake?" Vutoli ndi loona, koma yankho lake lili pa mayendedwe. Apa m'pamene inu muli ndi mphamvu kuposa ife a kuchipatala, pakuti ndinu amene mumakazonda mayi wakhanda, kumutungira madzi ndi kumuphikira phala.

M'masiku 42 oyamba mayi atachira, kapena atapita padera, muziyang'ana izi: kutentha thupi kapena kunjenjemera, zotuluka kumaliseche zonunkha, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, kupuma mofulumira, kukodza pang'ono, manja ndi mapazi ozizira, tulo tosadzuka nato kapena kuyankhula zosamveka. Mukaona chimodzi mwa izi, musadikire kuti kuche, kapena kuti bambo abwere kaye. Tengani buku lake la kuchipatala, nyamukani naye. Mukafika, uzani namwino tsiku limene anachira ndi zimene mwaona, ndipo musachite manyazi kufunsa kuti, "Kodi si sepsis imeneyi?"

Pamsonkhano wanu wotsatira, patulani kandalama m'thumba la gulu koti kazikhala ka ulendo wadzidzidzi basi. Gwirizanani amene azisunga, ndipo aliyense akhale ndi nambala ya wagalimoto wa m'dera mwanu amene amayankha foni usiku.