Timitambo ta thovu tija n'tokongola, koma mpweya wake ndi wa kuchipatala

Sabata ino pagulu lathu la WhatsApp pazungulira kanema wina wochokera kunja. Pa paki ya masewera, makina akulavula timitambo toyera tooneka ngati mitima ndi nyenyezi, n'kumauluka pamwamba pa ana. Aliyense akungoti zimenezi zibwere kuno basi. Inenso ndinaonera katatu, sindinama. Koma kachemistry kamene ndinaphunzira ndisanasiyire panjira ku yunivesite chifukwa cha fizi kanandikodola.

Si matsenga ayi. Makinawo amakhala ndi madzi a sopo, ndipo amawapopera mpweya wa helium, womwe ndi wopepuka kuposa mpweya tikupumawu. Thovu limafufuma n'kudutsa pa chikombole chodulidwa mwa mtima kapena chizindikiro cha kampani, kenako kampeni kamalidula, hiii, lanyamuka. Zinatchuka cha m'ma 2008 pamene kampani ina ya ku Alabama, ku America, inayamba kuzigulitsa ndi dzina loti Flogos. Mu 2009 katswiri wa zaluso Stuart Semple anaulutsa nkhope zomwetulira za thovu pafupi ndi Tate Modern ku London, nthawi imene chuma cha dziko lonse chinali pa moto.

Ubwino wake ulipo, tisakane. Baluni ikaphulika imasiya zinyalala zomwe mbuzi ndi nsomba zimameza. Thovu limangosungunuka. Kwa ife amene ngalande zathu zadzadza kale ndi majumbo, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Vuto ndi helium. Palibe fakitale yomwe imampanga. Amapangika pansi pa nthaka kwa zaka mamiliyoni, miyala ya uranium ndi thorium ikamasweka pang'onopang'ono, ndipo amapopedwa limodzi ndi gasi. Ukamutulutsa m'botolo amakwera mpaka kuthawira kunja kwa dziko, osabwereranso. Pomwe mpweya womwewu, ukaziziritsidwa kufika pa -269°C, ndi umene umasunga maginito a makina ambiri a MRI, aja madokotala amaonera ubongo ndi msana. Umafunikanso popanga tizipangizo ta m'kati mwa foni yomwe mukuwerengerapoyi.

Ndiye ogulitsa ndi ochepa: America, Qatar, Algeria ndi Russia. Mu 2017, mayiko oyandikana ndi Qatar atatseka malire, helium wa kumeneko anasiya kutuluka kwa masabata angapo ndipo msika wonse unagwedezeka. Aneba athu ku Tanzania anamva nkhani yabwino mu 2016, akatswiri a ku Oxford ndi Durham atalengeza kuti kudera la Rukwa kuli helium wambiri. Koma kupeza n'kwina, kudzadza m'mabotolo n'kwinanso.

Kunena chilungamo, zosangalatsa si zimene zimadya helium wochuluka, ndipo paki imodzi singatseketse chipatala. Chomwe ndikuopa ine chili pafupi kwambiri. Helium ndi wodula, ndipo kuno angabwere ndi ndalama zakunja zomwe tikulimbirana kale pa mafuta, feteleza ndi mankhwala. Wabizinesi akapanikizika, chiyeso chake n'kugwiritsa hydrogen, wotchipa komanso woulutsa bwino, koma woyaka ngati petulo. Chombo cha Hindenburg chinapsa ndi mpweya umenewu mu 1937. Tangoganizani thovu lotero pamwamba pa ana, chapafupi wina akuwotcha kanyenya.

Sindikuti ana athu asasangalale, aise. Tauni yomwe mwana amasowa ngakhale katungwe wabwino ikufunika zinthu zokongola. Koma tsiku limene makinawa adzafike, tisadzangothamangira kujambula. Tidzafunse eni ake kuti m'botolomo muli mpweya wanji, sopoyo akagwa m'maso mwa mwana zikhala bwanji, ndipo khonsolo yaona pepala lanji isanavomereze.

Inuyo mungalipire zingati kuti muone mtambo wa masekondi ochepa? Tiuzeni m'munsimu.