Ndiwo za m'Zambia, Inde, Koma za M'munda wa Yani?

Masitolo akulu-akulu a m'matauni athu amakonda kulengeza kuti ndiwo zamasamba, matimati ndi anyezi zambiri zimene amagulitsa n'za muno m'Zambia. Sindikutsutsa zimenezo. Zinthu zasinthadi kucokera mu 1995 pamene Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba mu msewu wa Cairo ku Lusaka, nthawi imene katundu wambiri anali kubwera pa magalimoto kucokera ku South Africa. Koma ife alimi tiyenera kufunsa: kodi ndiwo za m'Zambiazo zacokera m'munda wa yani?

Pulazi yaikulu ya ku Chisamba kapena ku Mkushi, yokhala ndi mathirakitala, mapaipi othirira ndi galimoto yoziziritsa katundu, ili m'Zambia. Dimba la mai wamasiye wa ku Katete nalonso lili m'Zambia. Kampani ikagula ku pulazi kokha, idzalemba m'mabuku mwake kuti yagula za kuno kwathu, ndipo sinaname. Koma mai uja repu wake adzafotera pa msika monga kale.

Nkhaniyi si yacilendo kuno kum'mawa. Shoprite itafika ku Chipata ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, alimi a ku Luangeni anaona kuti makasitomala amene anali kugula ndiwo zao atembenukira ku sitolo yatsopano. Mkwiyo unakula mpaka ena anaopseza kuti aitentha. Kutentha sitolo sikukanathandiza aliyense, koma madandaulo ao anali oona, ndipo pambuyo pa kukambirana panapangidwa mgwirizano woti alimiwo azipereka ndiwo ku sitoloyo. Mpata wa mlimi wamng'ono sunabwere wokha, anacita kuufunsa.

Tiyeni timvetse mmene makampani otere amagulira. Sagula monga mmene amai amagulira pa msika wa Kapata, kusankha mulu ndi kulipira pomwepo. Ali ndi mndandanda wa anthu owapatsa katundu. Shoprite, mwacitsanzo, imagula zipatso ndi ndiwo kudzera mu nthambi yake ya Freshmark. Kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wotere mufunika kulembetsa bizinesi kapena gulu lanu, kukhala ndi TPIN ya ku ZRA ndi akaunti ku banki, ndiponso kulonjeza kuti mabokosi amene mwagwirizana adzafika pa tsiku lake, sabata ndi sabata, kaya ndi m'dzinja kaya m'cilimwe. Matimati akhale ofanana kukula, osaphwanyika. Zambiri mwa izi n'zomveka, pakuti wogula nayenso safuna kupeza mashelefu opanda kanthu.

Cimene sicimveka kwa ine ndi kalipiridwe. Katundu amalandiridwa lero, ndalama zimabwera patapita masabata angapo. Mwini pulazi angathe kudikira, cifukwa banki imam'dziwa ndipo imam'kongoza. Mlimi wa dimba afunika ndalamayo mawa lomwe, kuti agule mbeu ndi mankhwala, alipire galimoto imene inanyamula mabokosi, ndi kugulira mwana yunifomu. Ndiye cifukwa cake amagulitsa kwa ogula apakati pa mtengo wolira, iwo n'kukapereka katundu yemweyo ku tauni m'dzina lao. Pamenepa kweni-kweni amene akukongoza mnzake ndi wosauka, ndipo wokongola ndi kampani yolemera. Wagwira nchito ayenera kulandira zake pa nthawi yake. Ici n'cilungamo cimene timaphunzitsa ngakhale ana a kalasi ya ubatizo.

Kuti n'zotheka kugula kwa alimi ang'ono ambiri, taona ndi maso. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, limagula nsawawa, mpunga wa ku Chama ndi uci kwa alimi a m'cigwa ca Luangwa, n'kuzigulitsa m'masitolo omwewo ndi dzina la It's Wild! Zambian Breweries nayo imagula cinangwa kwa alimi a ku Luapula copangira mowa wa Eagle. (Za mowawo tidzakambirana tsiku lina.) Onsewa anapita kumene kuli mlimi, sanadikire mlimi kuti afike yekha pa cipata ca kampani.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Makopaletivu ambiri m'midzi mwathu amadzuka cabe nthawi yolandira feteleza wa FISP, akatero amagona caka conse. Gulu lotere silingasaine pangano ndi sitolo. Mabanja makumi awiri a mu mphakati umodzi atagawana masabata obzala, kuti kabici asapse onse nthawi imodzi, angathe kudzaza galimoto sabata iliyonse. Ndipo pangano likapangidwa tisalithawe cifukwa mtengo wakwera pang'ono ku Soweto Market.

Boma linakhazikitsa lamulo la Citizens Economic Empowerment mu 2006 kuti nzika zipeze malo pa cuma ca dziko. Pempho langa kwa aphungu athu ndi ku Zambia National Farmers Union ndi lakuti masitolo akulu azifunsidwa zinthu ziwiri caka ciliconse: ndi alimi ang'ono angati ali pa mndandanda wao, ndipo amawalipira patapita masiku angati.