Tchire Lili ndi Eni Ake: Dzina la Selous ndi Mabuku a Achinyamata

Pamsewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo, pakati pa Norton ndi Chegutu, pali malo otchedwa Selous. Ndi dera la mafamu akuluakulu, ndipo monga m'madera ena a Mashonaland, m'makomboni ake mwakulira mibadwo ya anthu amene makolo awo anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kummawa kwa Zambia. Mwana wa zaka 13 wa m'komboni yotere akafuna buku la nkhani yoimitsa mutu, ya munthu wosokera m'tchire amene akulimbana ndi njala, ludzu ndi zilombo, n'kovuta kuti alipeze m'chilankhulo cha agogo ake. Mlandu umenewu suli pa mwanayo. Uli pa alembi a Chichewa, pa ofalitsa mabuku ndi pa aphunzitsi a m'mayunivesite amene akhala akuyesa nkhani zotere zachibwana.

Dzina la malowa palokha ndi phunziro. Frederick Courteney Selous anabadwira ku London mu 1851, nakhala mlenje wa njovu wotchuka. Mu 1881 anatulutsa buku la maulendo ake, A Hunter's Wanderings in Africa, ndipo mu 1890 anatsogolera gulu la atsamunda a Cecil Rhodes polowa m'Mashonaland. Akatswiri ambiri amati iye ndi mmodzi wa alenje amene H. Rider Haggard anatengerako chithunzi cha Allan Quatermain m'buku la King Solomon's Mines la mu 1885, lomwe lasangalatsa anyamata a mibadwo yambiri. Koma wowerenga watcheru aone zimene zikuchitikira Aafirika oyenda ndi Quatermain. Khiva akuphedwa ndi njovu populumutsa mzungu. Ventvögel, amene ananunkhiza madzi m'chipululu, akufa ndi chisanu m'phanga. Odziwa tchire ndiwo akutsala m'njira. Ofotokoza nkhani akubwerera kwawo ndi miyala ya mtengo wapatali.

Mabuku a zaka zapafupi anasiya mfuti ndi minyanga, koma anasunga mzati wina wakale, wochokera kwa Robinson Crusoe wa mu 1719: ngwazi imapulumuka ili yokha. Mu Hatchet, buku la Gary Paulsen la mu 1987, mnyamata atsala yekha m'nkhalango za ku Canada ndege itagwa, ali ndi kankhwangwa basi. Buku limene layandikira kwambiri ku Zambezi ndi A Girl Named Disaster la Nancy Farmer la mu 1996. Mtsikana Wachishona, Nhamo, athawa ukwati wokakamiza ku Mozambique, nasokera ndi bwato panyanja ya Cahora Bassa, nakhala pachilumba pafupi ndi anyani asanafike ku Zimbabwe. Ndi buku lolembedwa mwaluso ndiponso molemekeza mizimu ya anthu ake, ndipo palibe chifukwa cholinyozera. Chomvetsa manyazi n'chakuti panafunika mlembi wa ku America, wolemba m'Chingerezi, kuti aone nkhani m'chigwa chimene makolo a Achewa anachiyenda ndi mapazi awo.

Pajatu ulendo weniweni wa m'tchire unalipo. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, msonkho utavuta ku Nyasaland, amuna ndi anyamata ankauyamba wapansi kupita ku Halale. Ankadutsa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete, ndi kulowa m'Rhodesia kudzera ku Mtoko kapena ku Mount Darwin. Unali ulendo wa masabata angapo, m'dera lotentha, la mikango, malungo ndi kashembe, la achifwamba ndi asilikali olanda katundu. Magalimoto aboma otchedwa Ulere anadza m'zaka za m'ma 1930, ndipo bungwe lolemba anthu ntchito lodziwika kuti Mthandizi linadza m'ma 1940, komabe ambiri anapitiriza kuzemba pansi kuti adzisankhire okha bwana. Ena sanafike. Ena anafika koma sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha machona. Zidzukulu zawo ndizo zili m'makomboni a Mashonaland.

Ulendo umenewu ukutsutsa bodza la ngwazi yoyenda yokha. Anthuwo ankayenda m'magulu, motsogozedwa ndi amene anapitako kale. Wina ankadziwa kupeka moto, wina kutcha diwa, wina kufukula mchenga wa mtsinje wouma mpaka madzi atatuluka. Usiku ankasinthana kusonkhezera moto. Wodwala ankamudikira kapena kumusiya m'manja mwa anthu a m'mudzi wa m'njira. Akuluakulu ponena kuti kuyenda awiri si mantha sankakometsera mawu, ankanena lamulo la moyo. Nkhani yomangidwa pamenepo ikhoza kukhala ndi mikangano yoposa ya mwana ali yekha: ufa ukatha agawana bwanji, mnzawo akathyoka mwendo atani, mtsogoleri akasokera njira amvera yani.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Chingerezi cha m'mabuku a alenje chimaona tchire ngati malo amodzi opanda dzina. Chichewa chimasiyanitsa thengo, nkhalango, dambo, tsala ndi lupsa. Chimadziwa malambe, bwemba, masau, matowo, mateme ndi masuku, chimadziwanso nyengo imene chilichonse chimapsa. Mawu otere sasungika m'dikishonale mokha. Mwana amawagwira pamene moyo wa munthu amene wamukonda m'nkhani wadalira mawuwo. Buku limodzi limene mtsikana wanjala apulumuka chifukwa wazindikira mtengo wa mlambe lingaphunzitse kuposa mndandanda wa mayina oloweza pa mayeso.

Otsutsa amati nkhani zotere n'zachilendo m'Chichewa. Amenewa aiwala nthano za Kalulu ndi Fisi, aiwalanso kuti mabuku oyamba a chilankhulochi ndi a maulendo. Nthondo wa Samuel Josia Ntara, wa mu 1933, ndi munthu amene anasiya mudzi kukasaka ntchito kutali. Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe wazikika pa ulendo ndi pa zoopsa za m'njira. Chimene chinachitika n'chakuti mabuku a Chichewa anamangiriridwa ku silabasi, ndipo mlembi anasanduka nankungwi: mutu uliwonse mwambo, tsamba lililonse chilangizo. Mwana amawerenga buku lotere kuti akhoze mayeso, akatha n'kulitaya. Buku limene amawerenga mobisa, pa kuwala kwa koloboyi, kufuna kudziwa ngati anthu aja awoloka mtsinje, ndilo limapanga wowerenga wa moyo wonse.

Ena amati msika palibe. Koma Chichewa ndi Chinyanja zimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Chilankhulo chovomerezeka papepala, chopanda buku limene mwana angalikonde, ndi nkhokwe yofoleredwa bwino koma yopanda chimanga. Ofalitsa amene sanayesepo kugulitsa buku lotere alibe umboni wonenera kuti silingagulidwe.

Nkhaniyi ndi yoposa zosangalatsa. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri anataya ntchito ndi pokhala, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana ambiri a machona ngati alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo a mu 2013 anazindikira obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC. Ena anawanyoza kuti ndi anthu opanda mfunda. Mwana amene wamva mawu otere akufunika kudziwa kuti agogo ake sanagwe kuchokera kumwamba: anadza ndi mapazi, anawoloka Zambezi, anagawana ufa womaliza. Selous ali ndi tauni, ali ndi nkhalango yosungira nyama ku Tanzania kumene anafera mu 1917, ndipo gulu la asilikali a Rhodesia linatchedwa dzina lake. Oyenda pansi aja alibe ngakhale chipilala. Okalamba amene anamva nkhanizi kwa eni ake akutha mmodzimmodzi. Ophunzira a zilankhulo apite kukawajambula mawu adakali moyo, ndipo alembi atenge zimenezo alembe mabuku oti mwana wa ku Selous asagone asanawamalize.