Yambani ndi Denga, Masofa Adikire



Okutobala uja wafika, jakaranda wachita maluwa, dzuwa likuswa mtengo. Ino ndi nyengo imene ambiri mumakongoletsa m'nyumba: makatani atsopano, penti, TV yaikulu. Si tchimo ayi. Koma imvani zimene zinandionekera ine.

Chaka china, nthawi ngati ino, ndinakongola ndalama ku banki mkhonde n'kugula masofa. Amayi kunyumba anati, "Abusa, malata awiri aja pabalaza abooka, tiyambe amenewo." Ine kuyankha mwauzimu, "Mayi, Mulungu atisunga." Kunena chilungamo, ndinkangofuna alendo aone kuti abusa nawonso adalitsika.

Chizimalupsa chinagwa tili ku mapemphero a usiku wonse. Pofika m'mawa, madzi ali ponseponse, masofa anyowa mpaka siponji. Ananunkha nkhungu mpaka Khirisimasi, ine ndikubwezabe ngongole ndi chiwongoladzanja chake. Ndinayamba kudzudzula mdyerekezi. Amayi anangondipatsa beseni.

Abale anga, si dontho lililonse lili ndi mfiti kumbuyo kwake. Kawerengeni Mlaliki 10:18. Masana ano tsekani zitseko, muyang'ane kudenga. Pamene pakulowa kuwala, mvulanso idzalowa pomwepo. Gulani misomali ya malata ndi phula lomatira. Inu ofolera udzu, pepala la pulasitiki ligulidwe lero. Mbewu ndi feteleza zikhale m'nyumba mvula yodzalira isanagwe mu Novembala.

Loweruka likubwerali abambo ndi achinyamata tikumane kutchalitchi 7 koloko m'mawa, aliyense ndi hamala yake. Tiyambira nyumba za amayi amasiye. Amene mubwere lembani "Ameni" pansipa.