Mau a Kalaliki: Ziphuphu za Kumsana

 Sabata ino ndifuna ticeze za bvuto limene ambiri ali nalo koma acita manyazi kulinena, ndilo ziphuphu za kumsana.

Pa nchito yanga ya ukalaliki ndimalemba maina a anthu ofuna kalata ya ku cipatala. Wodwala cifuwa amadza msanga, wophwanyika cala amadza cothamanga, koma wa ziphuphu amadza mocedwa, msana utadzala kale zipsera. Ena amati ndi magazi oipa, ena amati ndi litsiro, ndipo ena amati pali munthu kumudzi amene wawaponyera. Zonsezi ai. Mverani cimene madotolo a khungu aphunzitsa.

Pa khungu lathu pali timabowo tating'ono m'mene mumera ubweya, ndipo m'kati mwa kabowo kali konse muli kathumba kotulutsa mafuta ofewetsa khungu. Timatumba timeneti ticuruka pa nkhope, pa cifuwa ndi kumsana. Kabowo kakatsekeka ndi mafuta pamodzi ndi khungu lakufa lofundula, tizirombo tina timene tikhala pa khungu la munthu ali yense, dzina lake Cutibacterium acnes, timaswana m'menemo. Pamenepo pamatupa, pamapweteka, ndipo pamadza mafinya. Anyamata ndiwo abvutika koposa, cifukwa mphamvu ya umuna yochedwa testosterone icurukitsa mafutawo. Nthenda imeneyi sipatsirana, cotero musathawe mnzanu wa m'cipinda cimodzi.

Nanga bwanji ife a pa mgodi tiri nazo kwambiri? Yankho liri pansi pomwepo. Mgodi wa Mponeng, pafupi ndi Carletonville, watsika pafupifupi makilomita 4, ndipo mwala wa kumeneko umatentha kufika madigiri 60, kotero kuti mpweya amacita kuuziziritsa ndi madzi oundana kuti anthu athe kugwira nchito. Ngakhale pa migodi yosazama comweco, munthu amatha maola 8 ali m'ovololo yonyowa ndi thukuta. Lamba wonyamulira batire ya nyali ndi kabokosi ka mpweya wopulumukira amakhula m'ciuno tsiku lonse, ndipo zingwe za katundu zimakhula m'mapewa. Kutentha, cinyezi ndi kukhula, zitatuzi zikakumana timabowo tija timatsekeka msanga. Yang'anani msana wa mnzanu, mudzaona kuti ziphuphu zatsata njira ya lamba. Anzathu a pa makina obowola mwala ali ndi cina coonjezera, ndico mafuta a makina amene amalowerera m'zobvala ndi kutseka khungu.

Tsopano nazi zoyenera kucita. Coyamba, mukaturuka pansi musakhale ndi zobvala zonyowa. Musayambe mwapita kukadya kapena kukaceza. Bvulani, sambani, mubvale zouma. Caciwiri, musabvale ovololo kapena malaya a m'kati a dzulo osacapa. M'kati mwa ovololo bvalani malaya oyera osathina, kuti lamba asakhule pa khungu leni-leni. Cacitatu, thaulo lanu likhale lanu lokha, mulianike liume, ndipo nsalu yogonera muziicapa sabata iri yonse.

Cacinai ndico cimene ambiri alakwa. Poganiza kuti ziphuphu ndi litsiro, amakhula msana ndi mwala, ndi ciguduli ca thumba kapena ndi cinkhupule colimba mpaka magazi. Ena amathirapo parafini, phulusa kapena mankhwala otsukira m'mano. Uku ndi kuthira mafuta pa moto. Sambani ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa, ndi manja kapena kansalu kofewa, ndipo musadzole mafuta olemera kumsana. Cacisanu, musafinye, ndipo musalole mnzanu akufinyeni ndi zikhadabo kapena akubooleni ndi singano. Khungu lathu lakuda limasunga cikumbutso ca cironda ciri conse: pamatsala banga lakuda limene litha miyezi yambiri, ndipo kwa ena pamamera cipsera cotukuka colimba cimene madotolo amati keloid. Cimeneco cikonda kumsana, m'mapewa ndi pa cifuwa, ndipo kucicotsa kwake nkobvuta ndithu.

Mankhwala alipo, ndipo ena mungagule ku sitolo ya mankhwala popanda kalata ya dotolo. Funsani sopo wamadzi wokhala ndi benzoyl peroxide wa mphamvu 5 pa 100. Ameneyu amapha tizirombo tija ndi kutsegula timabowo. Mumpake kumsana, mudikire mphindi 2 kufikira 5, ndipo mutsuke bwino. Khungu likauma kapena kupsa, muzidumpha tsiku limodzi. Cenjerani pakuti mankhwalawa amasukulutsa nsalu, cotero pukutani ndi thaulo loyera, osati lokongola lija mwagulira amai a kunyumba. Sopo wokhala ndi salicylic acid nayenso athandiza. Dzanja la munthu silifika pakati pa msana wake, nanga akuru sanati mutu umodzi susenza denga? Pemphani mnzanu wa kwanu akupakeni, ndipo inunso mudzamthandiza tsiku lake.

Koma apa pafunika mtima wodikira. Ambiri amapaka masiku asanu, osaona kusintha, nataya botolo nati mankhwala ngabodza. Kusintha kumayamba kuoneka patapita masabata 6 kufikira 8, ndipo kuti muweruze bwino dikirani masabata 12. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ziphuphu zikatha musaleke msanga, pakuti kutentha kwa pansi sikunathe ndipo zingabwerenso.

Ndikucenjezeni za timachubu ta mafuta togulitsidwa m'misika ndi m'mbali mwa mseu, makamaka toyeretsa khungu. Tambiri tiri ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid, monga betamethasone ndi clobetasol. Masiku oyamba kufiira ndi kuyabwa kumacepa, munthu nakondwa, koma pambuyo pake ziphuphu zimabuka zocuruka koposa kale ndipo khungu limapyapyala. Jekeseni ndi mapiritsi okulitsa minofu, amene anyamata ena onyamula zitsulo amagula mobisa, nawonso amadzaza msana ndi ziphuphu zazikuru.

Ngati masabata 12 apita popanda kusintha, kapena ziphuphu ziri zazikuru, zakuya ndi zowawa, pitani ku cipatala. Dotolo angakupatseni mapiritsi monga doxycycline akumwa pafupifupi miyezi 3, pamodzi ndi mankhwala opaka. Muwamwe ndi madzi ambiri, ndipo musagone pansi mutangomeza. Pa nthenda yaikuru dotolo wa khungu amapereka isotretinoin. Mapiritsi amenewa ndi anu okha: musawagawire anzanu, ndipo musawatumize kumudzi, cifukwa kwa mai woyembekezera angaononge mwana ali m'mimba.

Mudziwenso kuti si zonse zoturuka kumsana ziri ziphuphu. Pali totupa tofiira tating'ono tolasa ngati singano timene tidza pamene njira za thukuta zatsekeka. Timeneti tikafalikira thupi lonse munthu satuluka thukuta bwino, ndipo angakomoke ndi kutentha ali pansi. Uzani kapitao ndi anamwino musanatsike. Palinso totupa tofanana msinkhu toyabwa kwambiri, timene cobweretsa cake ndi nkhungu ya pa khungu. Timeneti sitimva mapiritsi a ziphuphu koma mankhwala ena monga ketoconazole. Kuyabwa kwa usiku kofika pakati pa zala, anzanu a m'cipinda nawonso ali kukanda, kawiri-kawiri ndi mphere, ndipo nonse muyenera kulandira mankhwala pamodzi. Matuza owawa ngati moto ondanda mbali imodzi yokha ya thupi ndi mashingozi: fikani ku cipatala asanathe masiku 3. Zithupsa zobwera-bwera, kapena cotupa cofiira cimene cikula pamodzi ndi kutentha thupi, nazonso zifuna dotolo, ndipo ndi bwino kupimitsa magazi kuti aone za shuga ndi za HIV.

Ndidziwa cimene cimakugwirani mwendo, abale. Mumaopa kutaya shifiti, ndipo mumaopa kusekedwa kuti mwamuna wamkuru apita ku cipatala cifukwa ca ziphuphu ngati mwana wa sukulu. Koma tawerengani: kuonana ndi namwino ndi ola limodzi, pamene cithupsa conyalanyazidwa cingakugonekeni sabata yathunthu, ndipo cipsera ca keloid mudzapita naco kumudzi. Tinadza kuno kudzafuna cuma ca ana athu, ndipo thupi lomwe tinadza nalo ndilo khasu lathu. Tilisamale.

Amene muli ndi funso lemberani kwa Mkonzi, ndipo dzina lanu sitidzaliika m'nyuzi ngati simufuna. Tsalani bwino nonse, tidzaceza sabata ya mawa.

Ine wanu,
Kalaliki wa pa Mgodi