Phala likatha, ana ajambule chambo

Amayi anzanga, m'midzi ya kwa Maganga muno sukulu za mkombaphala zilipo, ndipo ambiri a ife timasinthana kukaphika phala kumeneko. Imeneyi ndi ntchito yabwino. Koma phala likatha mumphika, ana aja amatani? M'malo ambiri amangoimba ABC mokuwa mpaka dzuwa litatentha, kenaka n'kumapita kwawo. Makolo amakondwa kumva mwana akutchula zilembo, koma mukam'patsa pensulo amaigwira ngati mthiko.

Ine ndikuti ana a zaka zitatu mpaka zisanu azikhala ndi nthawi yojambula nyama ndi kuzipaka utoto tsiku lililonse. Ena anena kuti amenewa ndi masewera chabe, ongodetsa zovala sopo atadula chonchi. Za sopo n'zoona. Koma taonani momwe zilembo zimakhalira. Chilembo cha "o" ndi kanthu kozungulira basi. Zilembo za "b", "d" ndi "p" ndi kozungulira komweko, kungoti aikako ndodo kumanzere kapena kumanja, yoloza kumwamba kapena pansi. Mwana amene maso ndi zala zake sizinazolowere zimenezi amakasokoneza "b" ndi "d" mu Sitandade 1, m'kalasi yodzaza momwe mphunzitsi sangathe kugwira dzanja la aliyense. Akabwereza kalasi kawiri, kunyanja kuli pafupi, ndipo kukoka khoka kumayamba kukoma kuposa sukulu.

Nyama zophunzitsira zili pakhomo pathu. Chambo thupi lake lili ngati dzira, mchira wake ndi wa makona atatu, diso lake ndi kozungulira kakang'ono. Mwana akajambula chambo chimodzi wakumana kale ndi maonekedwe atatu. Kamba ali ngati mbale yovundikira, ndipo pachigoba pake pali timakona tambiri toti mwana apake kalikonse mtundu wake osadumpha mzere. Kusadumpha mzereko n'komwe kumalimbitsa zala. Usipa ndi timizere tifupitifupi, ajambule khumi, awerenge. Mvuu, nkhwazi, nkhanu, zonsezi mwana wa ku Senga Bay amazidziwa, ndipo akamajambula amakhala akulongosola zomwe anaona kudooko. Pamenepo chiyankhulo chake chikukula.

N'chifukwa chake sindidandaula kuti tilibe mabuku opaka utoto ogula ku Lilongwe. Ambiri mwa iwo ali ndi zimbalangondo ndi mbalame za kumaiko ozizira zomwe ngakhale agogo ake a mwanayo sanazionepo, ndipo buku limodzi mwana mmodzi amalimaliza sabata isanathe. Aphunzitsi a kupulayimale ali ndi mawu akuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka komwe muli. Mchenga tili nawo wambiri. Makala alipo, phulusa lilipo, dothi lofiira likupezeka, masamba a mbatata mukawasinja atulutsa msuzi wobiriwira. Makatoni akutha ntchito akungotayidwa m'magolosale. Machekeni akapezeka zikomo, koma tisadikire mlendo wobwera pa galimoto kuti ntchito iyambe.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Maria Montessori, dotolo wa ku Italy, anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana aang'ono mu 1907 m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mumzinda wa Rome. Ana ake ankayamba n'kuyendetsa chala pa zinthu zozungulira ndi zamakona asanayambe kulemba. Masiku ano dzina lake limalembedwa pa zikwangwani za sukulu zolipira ndalama zambiri m'tauni, chonsecho iye anayambira kwa ana onga athuwa.

Pali nyama imodzi yomwe ndikufuna mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja aijambule: nkhono ya m'madzi. Chigoba chake ndi mzere wopota, wabwino kwambiri pophunzitsa dzanja kuzungulira. Komanso tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono zoterezi. Mwana akamapaka, mlezi amuuze kuti kukodzera m'madzi kumafalitsa matendawa, ndipo akaona magazi mumkodzo auze amayi ake kuti apite naye kuchipatala, asabise.

Chenjezo nali: musaswe mabatire a tochi kuti mupeze utoto wakuda, muli mankhwala oipa, ndipo ana aang'ono chilichonse amaika mkamwa. Makala a pamoto akwanira. Akamaliza asambe m'manja.

Alezi a m'sukuluzi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo mmodzi sangayang'anire ana onse akamajambula. Pamsonkhano wathu wotsatira, kaya ndi kumphakati kaya kuparishi, tigwirizane kuti mayi amene ali pa ntchito yophika sabata imeneyo azinyamula katoni ndi makala ochepa, ndipo akatsuka mphika azikhalako theka la ola. Sipafunika luso. Aliyense wa ife anapalapo chambo, maonekedwe ake akuwadziwa.