UNZA ilembe akatswiri a chisinthiko, nsomba za mu Kafue zikusintha

Nsomba ya bream imene mayi wa ku Kafue Estates amagula pamsika lero, kawirikawiri siikhala ija ankadya anthu oyamba kukhala m'nyumbazi, masiku amene fakitale za Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles zinkalemba anthu ntchito. Bream yeniyeni ya mtsinje wa Kafue, Oreochromis andersonii, imadziwika ndi madontho atatu akuda m'mbali mwake. M'zaka za m'ma 1980, nsomba yachilendo ya Nile tilapia inathawa m'maiwe a alimi n'kulowa mumtsinje. Mu 2014, ofufuza a yunivesite ya Notre Dame ku America, pamodzi ndi Cyprian Katongo wa ku yunivesite ya Zambia (UNZA), anasonyeza kuti yachilendoyi ikuswana ndi za kuno.

Chimenechi ndi chisinthiko cha zamoyo, chikuchitikira mu ukonde wa msodzi, makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lusaka.

N'chifukwa chake mayunivesite a UNZA, Copperbelt ndi Mulungushi ayenera kutsegula mipando ya aphunzitsi a phunziroli mwadala. Ena akangomva za chisinthiko amakwinya nkhope, amvekere ndi nkhani ya anyani yotsutsana ndi tchalitchi. Koma sayansi yomweyi ndiyo imafotokoza chifukwa chake chloroquine analeka kugwira malungo, mpaka Zambia inasinthira ku Coartem kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndiyonso imafotokoza udzudzu wosamva mankhwala a m'masikito. Namwino wa pachipatala cha boma amakumana nazo zimenezi, kaya amapemphera kuti.

Zofufuza zili pakhomo. Nyama ya lechwe ya ku Kafue Flats sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo madzi a m'madambo mwake tsopano amalamulidwa ndi madamu a Itezhi-Tezhi ndi Kafue Gorge. Chigaza cha munthu wakale chimene chinafukulidwa mumgodi wa Kabwe mu 1921 chidakali ku London, ndipo kafukufuku wa mu 2020 wonena kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000 anachitidwa ndi akatswiri akunja. Zimawawa kuti za kwathu tizizimvera kwa alendo.

Kulengeza ntchito m'nyuzipepala ndi gawo lophweka. Mwana wa ku Zambia amene watenga PhD ku Cape Town kapena ku Basel adzafunsa ngati labu ili ndi makina owerengera DNA, ngati pali galimoto yopitira kumtsinje, ndiponso ngati malipiro adzabwera pa nthawi yake. Funso lomalizali bungwe la aphunzitsi la UNZALARU lalifunsa kwa zaka zambiri. Boma liyankhe kaye zimenezi. Kenako olembedwawo apatsidwe malo ogwirira ntchito pasukulu ya zausodzi ya Kasaka, konkuno ku Kafue, kuti ophunzira awo aziyeza nsomba zikamatsika m'bwato, n'kuuza alimi mtundu umene ayenera kuweta m'maiwe awo.